Akufuna kumanga nsanja ya mafoni pa phiri lokhala ndi zojambula zakale, amfumu afunse chiyani?

Mphwa_wa_Amfumu
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Kumudzi kwathu cha ku Chadiza kwabwera anthu a kampani ina, ayeza pamwamba pa phiri ndipo akhoma zikhomo zinayi zopaka utoto wofiira. Akuti pamangidwa nsanja ya mafoni. Netiweki tikuifuna, pasakhale wokayika, chifukwa pano munthu amakwera pachulu kuti alandire ndalama pafoni. Koma mmunsi mwa zikhomozo, mwina mamita 60, muli phanga lokhala ndi zojambula zofiira ndi zoyera, ndipo njira yokwerera yadzaza mapale. Amfumu sanasaine kanthu, akumana nawonso sabata yamawa. Kodi ntchito yotere imawononga chiyani kwenikweni, nanga amfumu afunse zotani asanadinde chala papepala?

WaNjinga_Kapata
Zojambula zimatumiza ndalama? Asiyeni amange. Mukachulutsa mafunso apita nayo phiri lina, inu mudzatsala mukukwera chulu chomwecho.

Sipanala17
Ndiyankhe mbali ya zomangamanga, popeza ambiri amayesa nsanja ndi miyendo itatu kapena inayi yongoima pathanthwe. Mpanda wa nsanja yakumudzi kawirikawiri umakhala mamita 12 kapena 15 mbali zonse. Titenge 15, ndiye kuti masikweya mita 225, ndipo onsewo amapalidwa mpaka dothi lapamwamba litachoka. Pakati amakumba dzenje la maziko. Nsanja ya mamita 50 kapena 60 imafuna dzenje la mamita 7 kapena 8 mbali zonse, kuya kwake 2 mpaka 3 malinga ndi nthaka, chifukwa chogwetsa nsanja si kulemera kwake ayi, koma mphepo yofuna kuizula. Pamwamba pa apo pali ngalande yozungulira yoikamo waya wamkuwa woteteza ku mphezi, yakuya theka la mita kapena kuposerapo, timaenje ta mizati ya mpanda, ndi masilabu a jenereta, thanki ya dizilo ndi masola.

Koma chimene chimadya phiri ndi msewu. Simenti, mchenga, zitsulo ndi madzi ziyenera kufika pamwamba, ndipo ikatha ntchito galimoto ya dizilo ndi ya okonza zizikwerabe. Msewu wa mamita 4 m'lifupi ndi 800 m'litali ndi masikweya mita 3,200. Werengani nokha, ndi malo a nsanja aja kuchulukitsa ka 14. Komanso sukwera molunjika, umakhotakhota kufuna pomwe pali pafulatiko, ndipo pafulati pomwepo ndi pomwe akale ankamanga nyumba zawo. Ndiye amfumu asangoyang'ana zikhomo zinayi zija. Afunse mzere wa msewu, mzere wa mapolo ngati akukoka magetsi a ZESCO, ndi komwe kontilakita azikatenga miyala ndi dothi.

Nsangalabwi
A Sipanala17 mwalasa. Ndiwonjezepo chifukwa chake geleda, makina opala msewu, ndi woopsa kuposa dzenje lija. Pa bwinja lapamtetete, zakale zambiri zimagona m'masentimita 30 mpaka 50 apamwamba. Mpeni wa geleda ukangodutsa kamodzi wametapo 15 kapena 30. Mapale sasowa, mudzawaona ataunjikana m'mbali mwa msewu, koma apo zatha kale. Phale palokha silinena zambiri. Cholankhula ndi pomwe lagona: lili pansi pa chiyani, pamwamba pa chiyani, pambali pake pali makala a moto uti. Makala amenewo ndi omwe amatumizidwa kukapimidwa kuti tidziwe zaka. Zikasakanizika, phale la zaka 1,500 ndi la mphika wa agogo a dzana zimangokhala mulu umodzi, ndipo palibe katswiri angazibwezere m'malo mwake.

M'phanga nkhani ndi ina. Dothi la m'phanga limaunjikana pang'onopang'ono, phulusa pamwamba pa phulusa linzake. Ku Kalemba, kwanu ku Chadiza komweko, katswiri wofukula zakale David Phillipson anakumba mu 1971 napeza dothi lakuya kupitirira mamita 4, pansi pake pali zida zamiyala za anthu omwe anakhalamo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Mapanga a Makwe ndi Thandwe, ndi mudzi wakale wa Kamnama kumpoto kwa Chipata komwe kunkakhala alimi odziwa kusungunula chitsulo zaka pafupifupi 1,600 zapitazo, zonsezi anazifotokoza m'buku lake la 1976. Ndiye fumbi la m'phanga la kwanulo musaliyese la mbuzi chabe.

A Mphwa, musanakumane nawo kayendeni m'njira yokwererayo muli awiri kapena atatu, maso pansi, osatola kanthu. Yang'anani timiyala toyera ta nsangalabwi tosemedwa, tating'ono ngati chikhadabo koma takuthwa mbali imodzi. Yang'anani mapale okhala ndi timadontho todinda mondondozana chakukhosi kwa mphika, kapena ochindikala okhala ndi mizere yakuya chakumlomo. Zibuma zakuda zolemera, zooneka ngati zinasungunuka nkuuma, ndi zotsalira za ng'anjo, ndipo pafupi pake pamapezeka zidutswa za mapaipi adothi olowetsera mpweya. Dothi lopsa lokhala ndi chidindo cha mtengo ndi khoma la nyumba kapena nkhokwe. Musaiwale timaenje tosalala ta mphero pathanthwe. Chilichonse jambulani ndi foni mutaika bolopeni pambali kuti kukula kwake kudziwike, ndipo tsegulani GPS.

WaNjinga_Kapata
Zonsezo zili m'munda uliwonse kuno kummawa. Tisiye kulima?

Nsangalabwi
Khasu limatembenuza chikhatho chimodzi cha dothi, ndipo lakhala likutembenuza chomwecho kuyambira kale. Makina okumbira amafika mamita 3 tsiku limodzi. Ndipo palibe wanena kuti nsanja isamangidwe.

Mafunde900
Mantha a WaNjinga ndi omveka, koma kasankhidwe ka malo sikayenda choncho. Okonza netiweki amaika kadontho pamapu, kenako amajambula bwalo lozungulira kadonthoko. Kumudzi bwalo limeneli limakhala lalikulu ndithu, mamita mazana angapo, nthawi zina kufika kilomita, chifukwa mafunde a mafoni a 900 MHz amapita patali ndipo sasamala kusuntha pang'ono. Otumidwa kukafuna malo amayenera kubweretsa malo awiri kapena atatu, A, B ndi C. Zikhomo mwaonazo mwina ndi A chabe.

Zomwe sizisinthika ndi ziwiri. Choyamba, mbale ya microwave, yomwe imalumikiza nsanja ndi netiweki, iyenera kuonana maso ndi maso ndi nsanja inzake, popanda phiri kapena mitengo pakati. Chachiwiri ndi kutalika: mukatsika mamita 10 kuchoka pansonga, nsanja italike ndi mamita ena 10, ndipo chitsulo ndi maziko zimakwera mtengo. Koma kusuntha mamita 100 motsata msana womwewo wa phiri, kapena kukwezera msewu mbali ina, nthawi zambiri ndi nkhani ya foni imodzi basi. Chachikulu ndi nthawi. Asanapime nthaka ndi kujambula maziko, kusuntha sikudya ndalama. Akapima, akajambula, akatenga chilolezo cha a zandege cholembedwa manambala a malo amenewo, aliyense amauma khosi chifukwa zonse ziyambirenso. Amfumu afunse mwachindunji kuti, malo B ndi C ali kuti? Sabata yamawayi ndiye nthawi yake.

ZaMalamulo_EP
Lamulo lake lilipo, ndi National Heritage Conservation Commission Act ya 1989, Cap 173. Limateteza zotsalira za anthu zimene zinalipo lisanafike tsiku la 1 Januwale 1924, ndipo zojambula pamiyala, mabwinja ndi manda akale zili momwemo. Sizidalira kuti malowo analembedwa kale m'kaundula kapena ayi. Kukumba, kusuntha, kuwononga kapena kutulutsa kunja popanda chilolezo cholembedwa cha NHCC, bungwe la boma la Zambia loteteza zakale, ndi mlandu. Wopeza chinthu chooneka chakale akuyenera kudziwitsa NHCC pasanathe masiku 14, ndi kuimitsa ntchito pamalo pomwe wachipezapo kwa masiku 30 kuchokera tsiku lomwe wapereka uthengawo, pokhapokha NHCC italola kuti apitirize msanga.

Mbali ina ndi ZEMA, bungwe loona za chilengedwe, pansi pa Environmental Management Act ya 2011. Pa ntchito zing'onozing'ono chikalata chimene amapereka kumeneko chimatchedwa project brief, ndipo mumakhala ndime ya malo a chikhalidwe ndi mbiri. Apa mpomwe pamabisala vuto. Wolemba amatha kuyang'ana mndandanda wa malo otchuka, Katolola, Thandwe, Mkoma, Zawi, naona kuti phiri lanu mulibe, nkulemba kuti palibe chakale chilichonse pamalopo. Sananame mwadala, koma sanakwere phiri. Amfumu apemphe kuona chikalatacho ndi kalata ya chigamulo cha ZEMA, atsegule ndime imeneyo, afunse kuti anayenda ndani, tsiku liti, analankhula ndi yani. Ndipo inu lemberani NHCC panokha tsopano, ndi zithunzi zija, kope lina ku khonsolo. Musadikire kuti kampani ikuchitireni.

Mphwa_wa_Amfumu
Apa mpomwe akuluakulu akumudzi akuopa. Akuti tikauza boma, phiri lilandidwa, atiletsa ngakhale kutola nkhuni.

ZaMalamulo_EP
Kudziwitsa ndi kulengeza ndi zinthu ziwiri. Kuti malo akhale chipilala cha dziko pamafunika chilengezo cha nduna ya boma, ndipo ndi malo ochepa omwe amafika pamenepo. Ambiri amangolembedwa m'kaundula, nthaka nkukhalabe ya mwambo m'manja mwa mafumu. Chimene amfumu achenjere nacho kwambiri ndi pepala la kampani. Aone ngati ndi lendi ya kamalo ka mpanda kokha, kapena akupempha chilolezo chosandutsa malowo kukhala a taitolo pansi pa Lands Act ya 1995. Aonenso kukula kolembedwa. Safunsa anadya phula.

Mai_waTsimba
Ana anga, mwalankhula za mapale ndi malamulo, koma pali china simunachikhudze. Zojambula zoyera zija zili ndi eni ake. Zina ndi za chinamwali, zina ndi za kudambwe. Mlendo akabwera ndi kope nafunsa pabwalo, pamaso pa ana ndi akamwini, kuti kodi paphiri pali malo opatulika, anthu ayankha kuti kulibe. Sakunama, akusunga mwambo. Iye alemba kuti kulibe, geleda nkubwera.

Kafunsidwe kake ndi aka. Amayi akhale paokha ndi anamkungwi, ndipo wowafunsa akhale mayi. Amuna a kudambwe paokha. Adzukulu nawonso afunsidwe, chifukwa ndiwo amadziwa pomwe panagona anthu kunja kwa manda aakulu, monga makanda amene amaikidwa ndi amayi okha, popanda chizindikiro choti mlendo angachione. Ndipo funso lisakhale lakuti kuli chiyani uko. Likhale lakuti msewu usadutse pati. Anthu adzaloza ndi dzanja, inu mujambule mzere pamapu, nkhani yathera pomwepo.

Nsangalabwi
Amayi, mwanena zoona, ndipo njira ya mzere wopanda chifukwa imagwira ntchito. Pokhapo nditsutseko pang'ono. Phangalo likapanda kujambulidwa bwino ntchito isanayambe, tsiku lomwe mudzapeze mwaye kapena dzina la munthu litalembedwa pamenepo simudzakhala ndi umboni wakuti kale panalibe. Zithunzi za khoma lonse zikufunika, zokhala ndi tsiku.

Mai_waTsimba
Kujambula khoma sindikukana, mwala uli poyera. Chimene ndikukana ndi kumasulira. Zithunzi zisungidwe kwa amfumu ndi ku NHCC, osati kuziponya pa Facebook ndi tanthauzo lake pansi.

Nsangalabwi
Apo tamvana. Manambala a GPS a phangalo nawonso asalowe m'chikalata chimene aliyense angawerenge. Ofuna chuma chokwiriridwa akangomva za phanga lakale amabwera ndi mapiki usiku.

Aphunzitsi_Vubwi
Funso lapambali. Ana amafunsa kuti zofiira zija anajambula ndani. Ndi Akafula zoonadi?

Nsangalabwi
Ofufuza ambiri amatero. Zofiira, zamizere, zozungulira ndi zonga makwerero, ndi zakale kuposa zoyera, ndipo amazigwirizanitsa ndi alenje ndi otola zipatso omwe mbiri yapakamwa imawatcha Akafula kapena Abatwa. Pomwe zakumana pakhoma limodzi, choyera chimakhala pamwamba pa chofiira. Zoyera ndi za Achewa, zopakidwa ndi chala, ndipo zina ndi za posachedwa ndithu. Mwambo womwewu ukupitirira tsidya la malire, ku Chongoni ku Dedza, komwe malo 127 analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006.

Mzukulu_wa_Mtenguleni
Mukamatchula za m'mapiri muzinenanso kuti ambiri anakwera kumeneko pothawa ife. Angoni atafika, Achewa ankabisa mbewu m'mapanga. Ndiye mapale ena ndi a nthawi ya nkhondo, si a Akafula onse.

Aphunzitsi_Vubwi
Mukunyadira kapena mukupepesa, a Mtenguleni?

Mzukulu_wa_Mtenguleni
Ndikuthandiza kafukufuku, aphunzitsi. Amayi athu ambiri anali Achewa ndi Ansenga omwewo, nchifukwa chake Chingoni chinatithawa pakamwa. Koma mfundo yanga ndi yeniyeni: chilichonse cha nkhondo ya Angoni ndi Angerezi ya 1898 kapena m'mbuyo mwake chili kuseri kwa 1924, ndiye lamulo lija likuchikhudza.

Nsangalabwi
Mfundo yabwino. Akafula sankadziwika ndi kuumba, mapale ambiri m'mapanga ndi a alimi. Ndipo mukaona timakoma tadothi tozungulira mkati mwa phanga kapena miyala yosanjidwa pampata, musagumule.

WaNjinga_Kapata
Chabwino, nanga lendi? Ndalama ya nsanja imapita kwa amfumu kapena kumudzi? Imeneyo ndiye nkhani, osati Akafula.

DadaWaChiparamba
Ndipo ndamva kuti nsanja imaitana mphezi pamudzi, ng'ombe zimatha.

Sipanala17
Nsanja imalandira mphezi, inde, nchifukwa chake pamwamba pali ndodo ndipo pansi pali waya wamkuwa uja woitsitsira m'nthaka. Vuto limabwera akuba akadula wayawo. Ndipo izi zikukhudza nkhani yathu: pathanthwe louma magetsi salowa bwino pansi, ndiye kontilakita amakoka ngalande zina mamita 20 kapena 30 kunja kwa mpanda kusaka dothi lachinyontho. Dothi lakuya lofewa paphiri lamiyala limapezeka kuti? Pakhomo pa phanga. Ngalande zimenezi kawirikawiri sizioneka papulani yoyamba. Zifunseni.

Woyang'anira_Gulu
Za lendi tsegulani mutu wina, abale. Pano tithandize a Mphwa.

Sipanala17
Ndipitirize ndi zomwe zimalakwika ntchito ili mkati, chifukwa zambiri sizichokera papulani, zimachokera kwa anthu khumi ndi awiri okhala paphiri milungu isanu ndi umodzi. Phanga ndi mthunzi waulere. Amasungamo simenti kuopa mvula, amaphikamo nsima, mlonda amasonkhamo moto usiku wa Juni. Mwaye umakuta zojambula, ndipo kutentha kumasuwa khungu la mwala ngati anyezi. Fumbi la simenti likakumana ndi chinyezi limamatirira, silichokanso. Wina akatsala ndi utoto wofiira wopakira nsanja amalemba dzina lake ndi chaka.

Chachiwiri ndi miyala ya konkire. Maziko amadya makyubiki mita 30 kapena kuposa, ndipo kukweza miyala ya kukwale ndi ndalama. Ndiye amagula kwa anthu a pamudzi omwewo, amene amasonkha moto pathanthwe kuti lisweke nkuphwanya ndi hamala. Miyala yosanjidwa ndi akale ndi imene imayamba kupita chifukwa ndi yotolatola.

Chachitatu ndi thanthwe la pamaziko. Akakumana ndi mwala pali njira zitatu: kuphulitsa ndi wonga, kuswa ndi makina ogogoda, kapena kuboola mabowo nkumangirira maziko kuthanthwe ndi zitsulo ndi simenti yamadzi. Pali mankhwala enanso othira m'mabowo omwe amafufuma usiku nkung'amba mwala mwakachetechete. Pa mamita 60 kuchoka kuphanga, wonga ukanidwe polemba. Popanda wonga, ine ndikuona kuti 60 ndi wokwanira.

Nsangalabwi
Pa 60 paja sindikuvomera msanga. Mtunda pawokha sunena kanthu, funso ndi lakuti madzi apita kuti. A Mphwa anena kuti phanga lili mmunsi. Mukapala masikweya mita 225 nkuthira konkire ndi miyala, mvula yomwe inkalowa m'nthaka iyamba kuthamanga. Ikapeza njira yatsopano pamwamba pa denga la phanga, iyamba kutsika pakhoma pomwe panali pouma zaka mazanamazana. Zoyera ndi dothi chabe, nyengo ziwiri za mvula zatha. Zofiira zinalowerera m'mwala, koma madzi amasiya mchere woyera pamwamba pake. Ngalande ya msewu ikalozetsedwa kukhomo kwa phanga imakumba dothi lija ngati khasu.

Mitengo yapakhomo nayonso ndi chitseko. Ikadulidwa kuti waya adutse, dzuwa ndi mvula yamphepo zimalowa. Ndiye malire asayezedwe ndi tepi yokha. Munthu aime pamwamba, aone komwe madzi amatsikira, ndipo ngati zikhomo zili mbali imodzi ndi phanga, nsanja isunthire kuseri kwa msana.

Sipanala17
Pamadzi ndagonja. Ngalande yopatutsa imatheka, koma imatsekeka ndi masamba chaka chachiwiri ndipo palibe amaikonza. Kusuntha kuli bwino.

Aphunzitsi_Vubwi
Bwanji osapempha kampani imange mpanda wa waya kuzungulira phangalo?

Nsangalabwi
Mizati yake mukumba m'dothi lomwe mukufuna kuteteza, kapena kuboola mwala. Waya amabedwa, ndipo mpanda umauza wodutsa aliyense kuti muno muli kanthu. Pa nthawi ya ntchito, tepi yofiira yomangidwa kumitengo patali ndi khomo ndi yokwanira. Ikatha ntchito, munthu wosankhidwa ndi mudzi woyang'anira amaposa waya. Ndipo aphunzitsi, mukapita ndi ana, asathire madzi pazojambula kuti zioneke bwino pachithunzi, asazungulize ndi choko, asakhudze ndi manja.

Mphwa_wa_Amfumu
Nanga kafukufuku weniweni amatenga nthawi yaitali bwanji? Akatiuza kuti tikuchedwetsa chitukuko tiyankhe chiyani?

Nsangalabwi
Pa nsanja imodzi ndi masiku awiri kapena atatu paphiri, ndi sabata imodzi kapena ziwiri zolemba. Kayendedwe kake: ayamba ndi kaundula wa NHCC ndi zolembedwa kale za deralo, kenako zokambirana zija anena amayi. Akatero anthu amayenda mondandalika, motalikirana mamita 10, pamalo a mpanda ndi mzere wonse wa msewu, kuphatikizapo mamita 20 mbali iyi ndi iyo chifukwa geleda satsata mzere ngati sitima. Pomwe pali dothi amakumba timaenje toyesera ta masentimita 50 mbali zonse, tinayi m'makona a mpanda ndi kamodzi pakati, kenako m'njira pa mamita 25 kapena 50 alionse. Amatsika masentimita 10 nthawi imodzi, dothi lonse likudutsa pasefa ya mamilimita 5, zopezeka za gawo lililonse m'thumba lakelake lolembedwa. Makala amatoledwa ndi chitsulo, osati ndi zala, nkukulungidwa m'foyilo. Kukumba kumeneku kumafuna chilolezo cha NHCC, si kwa aliyense wokhala ndi fosholo.

Nyengo imasintha zotsatira. Mu Febuluwale udzu uli m'khosi, munthu akhoza kuponda ng'anjo osaiona. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, tchire litapsa, pansi pamaoneka ngati chikhatho. Lipoti lonena kuti sanapeze kanthu, koma anayenda nthawi ya dzinja popanda timaenje toyesera, musalikhulupirire.

Mapeto ake amakhala amodzi mwa atatu: palibe chovuta, pitirizani; sunthani msewu kapena mpanda; kapena ngati kusuntha sikutheka, akatswiri akumbe mwadongosolo asanalowe makina, kampani ndiyo ilipire. Chachitatuchi ndi chodula ndi chochedwa kuposa zonse, nchifukwa chake makampani ambiri akauzidwa msanga amasankha kusuntha okha.

ZaMalamulo_EP
Ndipo ngakhale kafukufuku atayera, pangano likhale ndi ndime ya zopezeka mwadzidzidzi. Woyendetsa makina akaona mafupa, mphika wathunthu, mikanda kapena phulusa lochindikala, azimitse pomwepo. Pazungulizidwe tepi, paphimbidwe ndi pulasitiki, mulu wa dothi lomwe latuluka usasunthidwe. Folomani adziwitse amfumu ndi NHCC, ndipo ngati ndi mafupa a munthu, apolisi nawonso, chifukwa si wokumba amene angagamule kuti ndi akale kapena a chaka chatha. Ntchito ipitirire mbali ina.

Chimene chimapha ndime imeneyi ndi kalipiridwe. Kontilakita wamng'ono amalipidwa akamaliza, ndipo makina amawabwereka pa tsiku. Kuima masiku 30 ndi kuluza kwake, ndiye amakwirira mwakachetechete. Panganolo linene kuti masiku oima chifukwa cha zakale sadzawerengedwa ngati kuchedwa kwa kontilakita. Linenenso kuti masiku opala ndi kukumba padzakhala munthu woyang'anira wodziwa zakale, pamodzi ndi mmodzi wosankhidwa ndi mudzi, ataima pambali pa makina kuyambira m'mawa.

Mai_waTsimba
Wa mudziyo asakhale mnyamata wofuna ganyu kwa folomani yemweyo. Sadzatsegula pakamwa.

WaNjinga_Kapata
Awe, ngati ndi masiku atatu okha ndiye palibe mlandu. Ine ndimayesa zaka.

Mafunde900
Chinanso a Mphwa, pamsonkhanopo pemphani kuti abwere ndi injiniya wa mafunde kapena amuimbire muli pomwepo. Wofuna malo alibe mphamvu yosuntha kadontho, angokuuzani kuti kompyuta ndiyo inasankha. Ndipo funsani ngati pali nsanja ina pafupi yomwe angakwezepo zida zawo. ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni, imalimbikitsa kugawana nsanja, ndipo zikatheka sipakumbidwa kanthu.

Mphwa_wa_Amfumu
Zikomo nonse. Nsanja ina pafupi palibe, ndiye tikambirana za kusuntha. Kalata ya ku NHCC ndilemba usiku uno, Loweruka tiyenda njira ija ndi foni, amayi akumana paokha Lamulungu. Funso lotsiriza: malire a malo osapitako tiwaonetse bwanji kuti a geleda asadzanamizire kusaona? Ena akuti tipake laimu pamiyala.

Sipanala17
Pamiyala ayi, mungapake pomwe pali chojambula chozilala chomwe simunachione. Dulani zikhomo zamitengo zofika m'chiuno, mupake laimu kumutu kwake, mukhome mamita 10 alionse, kutali ndi khomo la phanga komanso pomwe mulibe mapale. Tsiku lomwe geleda wafika, asanatsike pa lole, muyende naye woyendetsayo wapansi mzere wonse pamodzi ndi folomani, ndipo asaine papepala lomwe lili ndi mapu. Woyendetsa akasinthidwa pakati pa ntchito, watsopanoyo ayendenso.